Tseka Chitseko, Dibby

Jekete yachikasu ija Carly anasoka yekha, masabata atatu, pa makina obwereka kwa neba. Nthawi yonse imene ankasoka ankayembekezera kuti mwana asintha maganizo. Thea anali ndi zaka zisanu, ndipo ankasintha maganizo pa chilichonse: kapu imene dzulo anaililira, lero ankaiponya pansi. Koma pa nkhani ya Dibby sanasunthe. Ku msonkhano wa okonda makatuni apita atavala ngati Dibby, apo ayi nyumba yonse imva, ndi aneba omwe.

Choncho Loweruka masana Carly ndi Thea anali pamzere kuseri kwa nsanja, m'holo yaikulu ya pakati pa Winnipeg, pamodzi ndi ana ena makumi awiri ovala ngati anthu a m'makatuni. Thea anali wa nambala 14. Jekete yachikasu, nsapato zamvula zofiira, tsitsi lomangidwa timichira tiwiri toloza kumwamba. Anafanana ndi Dibby moopsa. Carly anayamba kulakalaka akanasoka moipirako pang'ono.

Dibby anali kamtsikana ka mu Sitima ya Mitambo, katuni imene inatchuka Carly ali kusekondale. Anthu ankakonda onse a pa sitima youluka ija kupatula mmodzi. Dibby ankakuwa. Ankaponda pansi, kulanda zinthu, kulira popanda misozi. Zimenezo mwina akanamukhululukira. Koma m'gawo lina, namondwe atafika pachimake, Dibby anatsegula chitseko cha chipinda chapansi, mphepo n'kutenga Orlo, galu wokalamba wa pa sitimayo, ndipo galuyo sanabwerenso. Panali patapita zaka zisanu ndi zinayi, koma anthu a ndevu zawo ankalankhulabe za galu ameneyo ngati anamulera okha.

Ndiye panabadwa mwambo. Chaka chilichonse wina ankavala ngati Dibby mwadala, kawirikawiri chimnyamata cha miyendo yaubweya, n'kukwera pansanja. Holo yonse inkaponda pansi ndi kukuwa kuti, "Tseka chitseko! Tseka chitseko!" iye n'kumawerama mothokoza. Kwa wovala ngati Dibby, kukuwizidwa ndiye kunali kuwomberedwa m'manja. Akakukuwiza kwambiri ndiye kuti wavala bwino. Mavidiyo ake Carly anawaona onse pafoni, ena kawiri. Onse anali a anthu akuluakulu. Mwana anali asanayesepo.

"Achemwali, mukupuma ngati mwathamangira basi," anatero Dustin, mlongo wake wamng'ono, amene anaima pambali pawo atavala chipewa cha kaputeni wa sitima ija, akudya soseji.

"Nanga akamukuwiza?"

"Uwu ndi mpikisano wa ana. Anthu ali ndi nzeru."

"Iwe uli nazo? Chaka chatha unabwerako mawu atasasa."

"Chaka chatha anali Garrett wa kuntchito, munthu wa makilo zana. Anachita kupempha yekha." Dustin anapukuta pakamwa ndi dzanja, n'kutsitsa mawu. "Komanso chilungamo chake, galu uja anamuphadi."

"Ndi chojambula, Dustin."

"Nanga mukunjenjemeranji ndi chojambula?"

Thea anamukoka buluku. "Amalume, mwaima pamalo panga."

"Pepani, bwana."

"Chokanipo. Ndipo chipewa mwavala chopendekeka."

"Mwamva? Ameneyutu sanafunikire n'komwe jekete."

Carly anaseka pang'ono kuti aoneke wolimba mtima, koma mawuwo anamulowa pomwe pankamupweteka kale. Panali chinthu chimene sanauzepo Dustin. Zimene anthu ankalemba pa intaneti zonena Dibby iye ankaziwerenga, pa basi, pa nthawi yopuma kuntchito, ndipo sankatha kuzisiya. Mwana wotere ndi wosiya pa siteshoni. Makolo ake ali kuti? Atakhala wanga angandidziwe. Anali mawu omwewo amene ankawaona pankhope za anthu m'sitolo Thea akadzigwetsa pansi pafupi ndi shelefu ya maswiti, omwewo amene aphunzitsi a kumkaka ankawakulunga bwino pomuuza kuti lero lavutako pang'ono. Ndipo tsiku lina, Thea ali ndi zaka ziwiri, atamukuwira m'khutu m'mawa wonse, Carly nayenso analembapo. Analemba kuti katuni imeneyi iwononga ana, kamtsikanako achite kukachotsamo. Anthu mazana atatu anagwirizana naye. Anamva bwino kwa ola limodzi.

Anawerama n'kukonza kolala ya jekete imene inali yokonzeka kale.

"Thea, taona, mzerewu ndi wautali. Bwanji tikagule ayisikilimu, tizionera tili pansi?"

"Ayi."

"Wa chokoleti."

"Ayi."

"Tamvera, mwana wanga. Anthu ena samukonda Dibby. Mwina akuwa."

"Ndikudziwa."

"Ukudziwa?"

"Amalume amamuda. Ana a kusukulu amamuda. Inu mumatsitsa voliyumu."

Carly anasowa poyang'ana. Ankaganiza kuti amatsitsa mochenjera.

"Nanga ukufuniranji kukwera?"

Thea anamuyang'ana ngati wafunsa zopusa. "Ndavala kale."

Mayi wa zomvera m'makutu amene ankayendetsa mzere anadutsa akuwerenga mitu. Makolo aime pansi pa masitepe, anatero, mwana akwera yekha, azungulira kamodzi, apereka moni kwa wolengeza, n'kutsika. Kuchokera pamene anaima, Carly ankaona mbali ya nsanja, tebulo la oweruza atatu, ndi chinsalu chachikulu cha kanema pamwamba, chimene chinkaonetsa aliyense wokwera kuti okhala kumbuyo aone. Anawerenga zitseko zotulukira: zinayi. Anayang'ana nkhope za mizere yakutsogolo imodzi imodzi, kufuna kudziwiratu amene angayambe.

"Mukuwaona agogo awo, a ndodowo?" Dustin analoza ndi chibwano kwa woweruza wa kumapeto, mayi wonenepa wa imvi zometa, wovala juzi yotuwa ngati wapita kukagula buledi. "Mayi Noreen Lavallee. Mawu a Dibby ndi amenewo."

"Usandinamize."

"Zoona. N'koyamba kubwera kumsonkhano. Amati ankalandira makalata oti sungawerenge pamaso pa ana."

Carly anawayang'anitsitsa. Ankasenda siwiti pang'onopang'ono, magalasi ali pamphuno. Phokoso limene linadzaza nyumba yake zaka zitatu silikanatuluka m'thupi limenelo. Sizinkagwirizana.

Ana anayamba kukwera. Kamnyamata kovala ngati chinjoka kanapunthwa pa mchira wake, holo n'kuti "Aaa!" mwachikondi. Mapasa ovala ngati mitambo anakana kusiyana manja. Anthu ankawomba m'manja mofatsa, monga amachitira akuluakulu kwa ana a eni, ndipo mtima wa Carly unayamba kutsika. Mwina Dustin ankanena zoona. Nambala 12. Nambala 13.

"Nambala 14, Thea Dueck!"

Thea sanatembenuke n'komwe. Anakwera masitepe akugunda nsapato, phazi lililonse payekha.

Wogwira kamera anachita zimene ankachita ndi aliyense: anakokera chithunzi chake pafupi. Pa chinsalu chija panadzaza jekete yachikasu ndi timichira tiwiri, zazikulu ngati khomo la garaja. Pa chinsalu aliyense amakhala wamkulu chimodzimodzi. Okhala kumbuyo sanaone mwana. Anaona Dibby, ndipo mapazi awo anadziwa chochita mitu isanaganize.

Zinayambira kumbuyo kumanzere. Carly anazimva poyamba m'mapazi, pansi pakunjenjemera, kenako m'mimba.

"Tse-ka chi-tse-ko! Tse-ka chi-tse-ko!"

Zinayenda ngati moto m'udzu. Anthu mazana asanu ndi atatu, mapazi onse pamodzi, mawu onse pamodzi, mpaka nyali za padenga zinkagwedera. A kutsogolo, amene ankaona msinkhu wake, anatembenuka akukupiza manja kuti aleke, mayi wina anaimirira pampando n'kumakuwa kuti "Ndi mwana! Ndi mwana, anthu inu!" koma mawu ake anamira. Ndipo ankakuwa mosangalala, ndicho chinali choopsa. Pankhope zawo panalibe mkwiyo. Ankaseka, ankaganiza kuti akumupatsa ulemu.

Thea anaima pakati pa nsanja. Manja ake anafumbata.

Carly anapezeka ali pa sitepe yachiwiri, mayi wa zomvera uja atamugwira mkono. "Dikirani pang'ono, mayi, akuuza wa kamera." Sanafune kudikira. Anali atakonza kale zonse m'mutu: amunyamula, amubisa nkhope pachifuwa, atulukira chitseko chakumanja, ndipo moyo wake wonse azidzadziimba mlandu kuti anasoka jekete imeneyi ndi manja ake. Anakoka mkono wake.

Koma Thea anali atayamba kuyenda. Sanabwerere ku masitepe. Analunjika kwa wolengeza, bambo wamtali wa jekete yonyezimira, amene anali atasokonezeka akuyesa kutontholetsa anthu ndi dzanja limodzi. Anamugwira mkono wa maikolofoni ndi manja awiri n'kuukokera pansi, monga ankakokera mkono wa mayi ake m'sitolo.

"KHALANI CHETE!"

Zokuzira mawu zinalira mpaka anthu anatseka makutu. Ena anaseka, ena anaimba mluzu, poganiza kuti ndi sewero. Pamenepo kamera inabwerera m'mbuyo. Pa chinsalu panaoneka bambo wamtali uja, ndipo pambali pake, mutu wosafika n'komwe pa lamba wake, kamwana. Chibwano chake chinkanjenjemera, ndipo chinsalu chinaonetsa kunjenjemerako kwa aliyense.

Carly sanaonepo phokoso likufa chonchija. Linazima mzere ndi mzere, kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, mpaka panatsala munthu mmodzi yekha pakona amene ananena "chi-tse" n'kudzigwira pakamwa.

"Anaitana katatu," anatero Thea. Mawu ake anali aang'ono tsopano.

Wolengeza anawerama. "Ndani, mwanawe?"

"Dibby. Anati Orlo akutsokomola. Katatu. Palibe anatembenuka." Anapuma mokoka mamina. "M'chipindamo munali utsi."

"Ankafuna mpira wake!" wina anayankha kuchokera pakati, osati mwaukali, koma ngati munthu amene sangalole kuti nkhani imene amaidziwa ipotozedwe, ngakhale ndi mwana.

"Ayi! Mpira unali poyamba! Inu simumva chifukwa mumakhala patali. Umaika khutu pa tabuleti, pomwe pamatulukira mawu."

Carly anagwira chitsulo cha masitepe. Kangati anamulanda tabuleti ija pakhutu? Uwononga makutu, Thea. Khala bwino, Thea. Ankaganiza kuti ndi khalidwe lina loipa loti alithetse.

Kutebulo la oweruza mpando unakwekwereka. Mayi Lavallee anali akuimirira. Zinatenga nthawi: ndodo poyamba, kenako dzanja patebulo, kenako thupi. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakati pa nsanja, ndipo holo yonse inawadikira. Atafika anayang'ana Thea kwa nthawi, pamwamba pa magalasi.

"Wamva ndi khutu liti?" anafunsa. Mawu awo anali okhuthala, a munthu wamkulu, osasa pang'ono.

Thea analoza lamanzere.

"Lisamale limenelo." Anatembenukira kwa anthu, wolengeza n'kuwayandikizira maikolofoni. "Mawu amenewo ndinawajambula ine, Lachiwiri lina m'mawa. Atamaliza kusakaniza mawu onse a gawolo ndinapita kukamvera, ndinapeza awaika pansi pa mabingu. Ndinadandaula. Wotsogolera anati asiyeni pomwepo, Noreen, a pa sitima sanamumve, oonera asamumvenso. Ndinati ndiye amuda. Iye anati ena amva." Anakweza mapewa. "Makalata ndalandira ambiri, ena mwa inu mukudziwa. Onena za kutsokomola anali anayi. Onse olembedwa ndi makrayoni."

Palibe anaseka mokweza. Panangomveka kampweya kotuluka m'mphuno zambiri.

"Ukufuna amve?" Mayi Lavallee anamufunsa Thea.

Thea anagwedeza mutu movomera.

"Ndigwirire ndodo."

Kenako anachita chinthu chimene Carly sanachimvetse poyamba. Anavula nsapato, imodzi ndi chala cha phazi linzake, n'kuziika pambali bwinobwino. Anagwira phewa la wolengeza n'kuyamba kutsika, bondo limodzi, kenako linalo, nkhope itakwinyika ndi ululu, mpaka anagwada pa matabwa, mutu wawo kufanana ndi wa Thea.

"Kwezani maikolofoni, bambo. Pamwamba pa mutu wanga. Kwezaninso." Anayang'ana m'mwamba momwe inali. "Ku situdiyo ndimatere. Ndili chiimire, Dibby satuluka. Dibby moyo wake wonse amalankhula ndi anthu aatali."

Anatseka maso. Mapewa awo anakwera kufika m'makutu, manja anapita pachifuwa, zala zikupotana. Carly anaona ndi maso ake mayi wa imvi akuchepa.

"Kaputeni. Orlo akutsokomola."

Tsitsi la Carly linaima. Anali iyeyo. Sanali wofanana naye, sanali womutsanzira: anali Dibby, amene ankamumva tsiku lililonse akutsuka mbale, koma akutuluka pakamwa pa munthu wa juzi yotuwa, ali pomwepo, mamita asanu kuchokera pa iye. Ndipo anali asanamumvepo akulankhula motsitsa chonchi. Anali mawu aulemu, a mwana amene anauzidwa kuti akuluakulu akatanganidwa usawasokoneze.

Mayi Lavallee anadikira. Anapendeketsa mutu ngati akuyembekezera yankho. M'holo monse munalibe wotsokomola, munalibe mpando wolira. Yankho silinabwere.

"Kaputeni? Orlo akutsokomola, pansi paja."

Dzanja lawo linakwera n'kukoka mpweya, pomwe pakanakhala mpendero wa jekete ya munthu wamtali. Anadikiranso. Carly anamva kudikira kumeneko m'mafupa. Anafuna kukuwa kuti wina atembenuke, aliyense, ndipo atayang'ana mzere wakutsogolo anaona bambo wa ndevu atatsegula pakamwa ngati nayenso akufuna kuyankha.

Kachitatu mawu anathyoka pakati.

"Chonde. Akutsokomola."

Kenako kunabwera kukuwa kuja. Aliyense m'holo muja ankakudziwa. Anthu ankakuika m'mavidiyo oseketsa, ankakutsanzira pa mowa, Carly ankakuthawa ndi rimoti. Kunatuluka konse, kwakuthwa, kwautali, kodzaza mpaka kudenga, ndipo kunali komweko ndithu, sikunasinthe ngakhale pang'ono. Koma tsopano kunali ndi chiyambi. Carly anamva misozi ikutsika mpaka m'khosi ndipo sanaipukute, chifukwa manja ake anakana kuchoka pa chitsulo.

Kukuwa kuja kunatha. Thea anali ataima chilili, ndodo ili m'manja awiri, pakamwa pali yasa. Ankayang'ana pakhosi pa mayi aja, kenako m'maso, kenako pakhosi.

Mayi Lavallee anatsegula maso. "Tsopano wina andidzutse," anatero ndi mawu awo enieni. "Dibby ali ndi zaka zisanu koma mawondowa ali ndi makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu."

Holo inaphulika. Anthu anaimirira, akuseka, ena akupukuta m'maso ndi zipewa zawo, ndipo panatenga amuna awiri kuti awaimike. Phokoso litatsika, mtsikana wa tsitsi lobiriwira anafunsa kuchokera mzere wachitatu, atakweza dzanja ngati m'kalasi.

"Ndiye kuti sanalakwe?"

"Analakwa," anatero Mayi Lavallee akuvala nsapato. "Anatsegula chitseko pa namondwe, galu anapita. Ndiponso ndi wovuta, musanamizidwe. Ndakhala naye zaka khumi ndi ziwiri, pali masiku ndinkafuna kumutsekera m'kabati. Mudeni ngati mukufuna, ine ndinalipidwa kuti akutopetseni." Analandira ndodo kwa Thea. "Koma anali ndi zaka zisanu, ndipo pa sitimayo panali akuluakulu asanu ndi mmodzi. Pa makalata onse aja palibe inafunsa za iwowo."

Thea anatsika masitepe monga anakwerera, akugunda nsapato. Carly anamukumbatira mwamphamvu mpaka mwana anayamba kudzipotokola.

"Amayi, mukundifinya. Mukuwononga timichira."

"Pepa."

"Mwaona? Dibby amakhala m'khosi mwa agogo aja."

"Ndaona."

"Amatuluka akagwada."

"Ndaona, mwana wanga."

Dustin anali atavula chipewa cha kaputeni, akuchitembenuza m'manja. Maso ake anali ofiira ndipo ankayesa kuyang'ana kumbali. "Gawo limenelo ndaonera mwina kakhumi," anatero. "Kakhumi, achemwali." Anatembenuzanso chipewa chija. "Komabe akanatha kukoka munthu mwamphamvu, kapena kumuluma. Osati kutsegula chitseko."

Thea anamumenya theche pa msongolo.

"Mayo! Mwaona? Mwaona zimenezi?"

"Thea! Pepesa kwa amalume."

"Ayi."

"Pepesa, pompano."

"Pepani," anatero Thea akuyang'ana khoma. "Koma chipewa chanu n'choipa."

Mphoto anapatsa mapasa a mitambo. Thea atamva anakwinya nkhope, ndipo Carly anakonzeka, koma mkuntho sunabwere. Mwanayo anali atatopa, kapena mutu wake unali kwina. Anakhala pa bokosi la zingwe kuseri kwa nsanja akugwedeza miyendo, mayi ake atakhala pambali pake, pamene Dustin anapita kukafuna madzi akutsimphina mokokomeza.

"Amayi."

"Ee."

"Aja ankakuwa aja, ankakuwiza ine kapena Dibby?"

Carly anali ndi yankho lokonzeka, lofewa, loti ankangosewera, palibe amada aliyense. Linafika pamilomo. Koma mwana amene anali pambali pakeyu anamva mawu amene anthu mazana asanu ndi atatu sanawamve, pansi pa mabingu. Bodza la mayi ake akanalimva ali chigonere.

"Dibby. Sanadziwe kuti m'katimo muli iwe. Atadziwa anachita manyazi."

"Pano amamukonda?"

"Ena. Ena amamudabe."

"Ngakhale amva?"

"Ngakhale amva."

Thea analingalira, akukanda nsapato imodzi ndi inzake. "Inu?"

Carly anapuma. "Ine ndinkamuopa," anatero pang'onopang'ono. "Akakuwa ndinkaganiza kuti anthu akumva iwe. Ndinkafuna asiye kuti asakude."

"Ine sindikuwa ngati Dibby."

"Ayi?"

"Ine ndimakuwa kwambiri."

Kuseka kunamutuluka Carly mosayembekezera, konyowa, kopweteka m'nthiti. Thea sanaseke, chifukwa sananene nthabwala. Anatsika pa bokosi n'kukoka jekete yake kuti iwongoke.

Kuchokera kuseri kwa nsanja panali njira ziwiri zotulukira: kachitseko ka kuseri kopita kumalo oimika magalimoto, ndi khonde lalikulu lodutsa pakati pa anthu onse aja, amene tsopano ankatuluka m'holo mazanamazana. Carly anatambasula dzanja kuloza kachitseko. Thea anali atayamba kale kulowera kukhonde.

Carly anamutsatira, masitepe awiri m'mbuyo. Anthu ankamuona Thea n'kupatuka. Ena ankamwetulira, mnyamata wina anamuchitira sawatcha, ndipo bambo wina wovala malaya a chithunzi cha galu uja anangomuyang'ana, osamwetulira. Thea anamuyang'ananso mpaka bamboyo anasuntha. Carly ankayang'ana msana waung'ono wachikasu uja ukulowa pakati pa miyendo ya anthu aatali, ndipo anadabwa kwambiri, monga anadabwira tsiku limene anamuika pachifuwa pake koyamba kuchipatala, kuti munthu wathunthu chonchi anatuluka mwa iye, ndipo sakumudziwa n'komwe theka lake.

"Amayi, fulumirani," Thea anakuwa osatembenuka. "Mukuchedwetsa anthu."